Matenda a kumusi kwa abambo: dokotala aone ndi maso ake

Ndiyambe ndi kupempha chilolezo kwa akuluakulu, chifukwa lero nditchula ziwalo zina za thupi la mwamuna ndi maina ake enieni, osapsatira. Ana aang'ono mukhoza kuwatuma kaye kunja, koma anyamata osinkhuka musawathamangitse, pakuti mbali ina ya nkhaniyi ikukhudza iwowo kuposa atate awo. Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiiteteza mpaka nthawi yathu ithe: mwamuna akamva chachilendo kumusi, kaya ndi kutupa, ululu, chilonda, mafinya, kuvutika pokodza, kuchepa mphamvu kuchipinda kapena kusowa mphatso ya mwana, palibe mankhwala amene tingawatche oyenera munthu wophunzira zachipatala asanamuone ndi maso, kumugwira ndi manja, ndi kuyeza zofunika kuyeza. Kufotokoza pakamwa pokha sikukwanira. Kutuma akazi anu kuti akakutengereni mankhwala sikukwanira. Kuloza botolo pa famase n'kunena kuti "ndipatseni aja munandipatsa tsiku lija" ndiye kulakwitsa kwenikweni.

Tikudziwa tonse mmene zimakhalira. Bambo amapirira masabata, mwina miyezi, akumwa makapisozi ogula paokala, akutafuna mizu imene mnzake wa pabawo wamulozera. Zikafika pothina amapita kuchipatala, kuima pamzere kuyambira m'mawa, koma atalowa m'chipinda cha dokotala, mawu amasintha. Amati msana ukuwawa, kapena thupi likuphwanya, kapena m'mimba mwamuno simuli bwino. Dokotala, amene panja pali anthu ena ambirimbiri akumudikira, amalemba panado m'kabuku kaja, bamboyo n'kutuluka ndi vuto lake lomwe lija, ndipo akafika kumudzi amati kuchipatala kulibe thandizo. Pamenepa alakwa awiri, wodwala amene wabisa ndi wachipatala amene sanafunse mozama, ndipo ndibwerera kwa wachipatalayo kumapeto. Koma akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

N'chifukwa chiyani ndikuumirira pa kuona ndi kugwira? Titenge chizindikiro chimodzi chokha, kutupa kwa thumba la machende. Kwa mwini wake, kutupa n'kutupa basi, ndipo anthu amangoti phudzi. Koma m'thumba limenelo mukhoza kukhala madzi amene azungulira tchende. Mukhoza kukhala matumbo amene atsika kudzera pamalo ofooka a m'mphechepeche. Mukhoza kukhala kutupa kwa kamtsempha kosungira mbewu kuseri kwa tchende, kobwera ndi tizilombo tochokera m'njira ya mkodzo, kapenanso chifuwa chachikulu cha TB chimene chakhazikika kumeneko. Mukhoza kukhala mitsempha ya magazi yofufuma, kawirikawiri kumanzere. Mukhoza kukhala khansa. Zonsezi mankhwala ake ndi osiyana, ndipo chimene chimazisiyanitsa poyamba si makina a mtengo wapatali ayi. Wachipatala amavala magolovesi, n'kumuuza munthuyo kuti aime. Amagwira pamwamba pa chotupacho kuti amve ngati zala zake zingakumane pamwamba pake, chifukwa zikalephera ndiye kuti chotupacho chikuchokera m'mimba. Amati, "Takhosomolani, bambo," ndipo ngati ndi matumbo, amamva kukankha pa zala zake. Amamugoneka chagada kuti aone ngati chotupacho chibwerera chokha m'kati. Amathimitsa magetsi kapena kutseka katani, n'kuunikira thumbalo ndi katochi: mukakhala madzi oyera, kuwala kumadutsa ndipo thumbalo limafiira, mukakhala chinthu cholimba, kuwala sikudutsa. Zonsezi zimatenga mphindi zochepa chabe. Palibe sing'anga wa pamsika kapena wogulitsa mankhwala paintaneti amene angadziwe zimenezi pongomva nkhani yanu.

Pa zonsezi pali chimodzi chimene sichidikira kuti kunja kuche, ndipo makolo ndikupempheni mutchere khutu. Tchende limalendewera pa kachingwe kamene mumadutsa mitsempha yolidyetsa magazi. Nthawi zina tchendelo limazungulira, kachingweko n'kupotoka, magazi n'kuleka kufika. Zimachitika kwambiri kwa anyamata a zaka zapakati pa 12 ndi 18, ndipo kawirikawiri zimawadzutsa usiku ndi ululu woopsa wa mbali imodzi, nseru ndi kusanza. Madokotala amawerengera maola pafupifupi 6: opaleshoni ikachitika mkati mwa nthawi imeneyi, tchende limapulumuka nthawi zambiri, tsiku likadutsa, kawirikawiri limakhala litafa ndipo limangochotsedwa. Tsono taganizirani mnyamata wa fomu 2 amene ali kusukulu yogonera komweko, kapena amene akugona kugowelo. Adzawauza amayi ake kuti akumva kuwawa pati? Adzati m'mimba. Adzapatsidwa mankhwala a njoka za m'mimba, adzafunditsidwa bulangete. Mnyamata aliyense amene wamva ululu wadzidzidzi m'munsi mwa mimba afunsidwe mwachindunji ndi atate ake, malume ake kapena mphunzitsi wamwamuna, ndipo wachipatala aone kumusiko ngakhale mwanayo sanatchuleko.

Phudzi la madzi lija lili ndi mbiri yake m'dziko muno. Kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komanso ku Karonga, amuna ambiri analitenga kudzera m'matenda ofalitsidwa ndi udzudzu, omwe aja amatupitsa miyendo mpaka kukhala ngati ya njovu. Boma linagawa mankhwala kwa anthu onse m'madera okhudzidwa kwa zaka zingapo, ndipo mu 2020 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti Malawi wagonjetsa matendawa ngati vuto la dziko. Koma mapilitsi aja anapha tizilombo, sanaphwetse phudzi la munthu amene anali nalo kale. Alipo abambo mpaka lero amene analeka kupalasa njinga, analeka kulima bwino, amavala nsalu m'malo mwa buluku, amakhala kumbuyo kutchalitchi kapena kumzikiti, chifukwa cha chinthu chimene zipatala za m'maboma zimachita opaleshoni yake kawirikawiri. Ambiri amawopa kuti akang'ambidwa ndiye kuti ubambo watha. Opaleshoni ya phudzi imachotsa madzi ndi kukonza kathumba kamene kamawasunga; tchende limasiyidwa pamalo pake. Chimene chimasokoneza banja kwambiri ndi phudzi lalikulu lomwelo.

Za matenda opatsirana pogonana ndinene mwachidule, chifukwa mwamva zambiri. Mafinya otuluka kumaliseche akhoza kukhala chinzonono, akhoza kukhala tizilombo tina, akhoza kukhala zonse ziwiri pamodzi, n'chifukwa chake kuchipatala amapereka mankhwala ophatikiza, pamlingo wokwanira, ndi kakalata koitanira mnzanu wogona naye. Makapisozi awiri kapena atatu ogula pamsika amachepetsa mafinya koma samaliza tizilombo, ndipo ndi njira imeneyi imene chinzonono chikuphunzirira kupirira mankhwala padziko lonse. Chikakhalitsa chimasiya zipsera m'njira ya mkodzo, munthu n'kudzavutika kukodza patapita zaka, kapena chimatseka tinjira ta mbewu. Chindoko n'chochenjera koposa: chilonda chake choyamba sichipweteka ndipo chimapola chokha, munthu n'kumayamika mizu imene anapakapo, pamene matendawo alowa m'magazi, ndipo akhoza kudutsa kwa mayi kufika kwa mwana wosabadwa. Kuyeza kwake ndi kadontho ka magazi a pachala. Ndipo chilonda cha kunsonga chimene chakana kupola kwa masabata ambiri, makamaka kwa bambo wachikulire amene khungu lake silibwerera m'mbuyo, chikhoza kukhala khansa. Apanso ndi diso lokha limene lingasiyanitse.

Tsopano ndifike pamene nkhaniyi imandiwawa kwambiri, pa banja losowa mwana. Mu 2023, World Health Organization inanena kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 aliwonse padziko lapansi amakumana ndi vuto la kusabereka pa moyo wake. Achipatala amayamba kufufuza banja likatha miyezi 12 likukhalira pamodzi popanda kulera koma mimba osaoneka, ndipo zimadziwika bwino kuti pa mabanja otere, pafupifupi theka vuto limakhudza mwamuna, kaya yekha kaya pamodzi ndi mkazi. Koma m'midzi ndi m'matauni mwathu, amene amayamba kuyenda ndani? Ndi mayi. Ndiye amene amamwetsedwa zitsamba zowawa, kutemedwa mphini, kupita kumapemphero a usiku, kunyozedwa ndi alamu ake, kutchedwa chumba, ndipo ankhoswe akakhala pansi, amene amafunsidwa mafunso ndi iyeyo. Kumufufuza mkazi kuchipatala kumafuna nthawi ndi ndalama: magazi pa masiku osiyanasiyana a mwezi, sikani, nthawi zina kujambula machubu, kumene kumapweteka. Kumufufuza mwamuna kumayamba ndi kabotolo. Amapemphedwa kudziletsa masiku a pakati pa 2 ndi 7, n'kupereka umuna ku labotale, kumene amaona kuchuluka kwa mbewu, kayendedwe kake ndi maonekedwe ake. Muyezo wa WHO wa mu 2021 umaika malire a m'munsi pa mbewu pafupifupi 16 miliyoni pa mililita imodzi. Kodi n'chilungamo kuyamba ndi njira yowawa ndi yodula pa thupi la mkazi, pamene yosavuta ili pa thupi la mwamuna?

Bambo wina ayankha kuti, "Ine kuchipinda ndilibe vuto, mphamvu ndili nazo, ndiye ndikayezetse chiyani?" Apa ndi pamene ambiri amasochera. Mphamvu zokhalira malo amodzi ndi mkazi n'zina, mbewu yobereka n'china. Madzi ambiri a umuna amapangidwa ndi tiziwalo tina tapafupi ndi chikhodzodzo, ndipo mbewu yochokera ku machende ndi gawo laling'ono kwambiri la madziwo, moti mwamuna akhoza kutulutsa umuna wooneka bwinobwino mulibe mbewu ngakhale imodzi. Wina ati, "Ndili ndi mwana kwa mkazi wina." Zikhoza kutero, koma zimenezo zikunena za thupi lanu la nthawi imeneyo, chinzonono cha pakatipa, kuvulala, kapena matenda ena akhoza kusintha zinthu. Ndipo dokotala akamafunsa ngati munadwalapo matsagwidi mutakula kale mpaka machende kutupa, ngati munachitidwapo opaleshoni ya m'mphechepeche muli mwana, ngati machende onse awiri anatsikira m'thumba, ngati mumasuta fodya kapena chamba, ngati mumamwa kwambiri, sakufuna kukuchititsani manyazi. Akufufuza chifukwa, ndipo zifukwa zina zimakonzeka. Dziwaninso kuti mbewu imatenga miyezi iwiri ndi theka kuti ikhwime, choncho malungo amphamvu a mwezi wathawu akhoza kutsitsa zotsatira za lero. Palibe mwamuna woyenera kuweruzidwa kuti anagwa m'papaya pa kuyeza kumodzi kokha. Amabwereza patapita miyezi itatu.

Ena amati ndi bwino kusadziwa, chifukwa mwamuna akauzidwa kuti alibe mbewu, moyo wake umasweka. Mantha amenewa sindikuwapeputsa. Makolo athu anawadziwa bwino, n'chifukwa chake m'madera ena ankalowetsa fisi m'nyumba mwachinsinsi kuti dzina la mwamuna lisanyozeke. Koma taonani amene amalipira mtengo wa kusadziwako. Ndi mkazi amene amasenza mlandu wosakhala wake. Ndi mkazi wachiwiri ndi wachitatu amene amakwatiwa pofuna "kuyesa kwina", ndipo pa kuyesa kumeneko, m'nthawi ino ya HIV, matenda amalowa m'nyumba. Ndi chimanga ndi mbuzi zimene zimathera kwa asing'anga pa vuto limene silinadziwike n'komwe. Kudziwa kumapweteka, koma kumapatsa banja mpata wosankha zochita ali awiri, kaya ndi kulandira chithandizo, kaya ndi kulera mwana wa m'bale.

Anthu a m'mphepete mwa nyanja ndi mitsinje ali ndi chifukwa china chapadera. Likodzo tonse timalidziwa ngati matenda a ana okodza magazi, ndipo m'malo ena mkodzo wofiira wa mnyamata unkatengedwa ngati chizindikiro chakuti akukula. Tizilombo take timachokera m'nkhono za m'madzi, n'kuboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kukoka khoka, ndipo timakakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mazira ake amakhazikikanso m'ziwalo zopanga umuna. Dr Sekeleghe Kayuni ndi anzake a ku Liverpool School of Tropical Medicine anachita kafukufuku pakati pa asodzi a ku Mangochi cha m'ma 2017 ndi 2018, ndipo anapeza mazira a likodzo mu umuna wa pafupifupi msodzi mmodzi mwa khumi aliwonse amene anayezedwa, ena mwa iwo mkodzo wawo usakuonetsa kanthu. Munthu wotere amaona magazi mu umuna, kapena umuna wosintha mtundu, amamva kuwawa pokhalira pamodzi ndi mkazi wake. Iye amaganiza kuti watenga matenda opatsirana, mkazi amaganiza kuti mwamuna wayenda njira zoipa, wina amati walodzedwa, ndipo banja limagwedezeka chifukwa cha nkhono. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja ana amalandira kusukulu, koma asodzi akuluakulu amakhala ali panyanja pamene mankhwalawo akugawidwa. Likodzo lokhalitsa limayambitsanso khansa ya chikhodzodzo. Choncho dokotala akafunsa kuti, "Mumagwira ntchito yanji, ndipo mumasamba kuti?" funsolo ndi gawo la kuyeza.

Za kuchepa mphamvu kuchipinda, msika wadzaza ndi mayankho: gondolosi, timabotolo ta zosakaniza zosadziwika, mapilitsi abuluu ogulitsidwa mobisa. Sindikukangana ndi muzu uliwonse lero. Ndikunena kuti kudzuka kwa chida cha abambo kumadalira mitsempha ing'onoing'ono ya magazi ndi minyewa, ndipo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amawononga mitsempha ing'onoing'onoyo asanafike ku ikuluikulu ya mtima ndi ubongo. Kwa abambo ambiri a zaka zoposa 40, vuto la kuchipinda ndilo chenjezo loyamba la shuga kapena matenda a mtima. Amene wathamangira kumsika waphonya mwayi woyezetsa BP ndi shuga, zinthu zimene zimachitika pa mphindi zowerengeka. Komanso mapilitsi abuluu aja akakumana ndi mankhwala ena a mtima, BP imatsika mwadzidzidzi mpaka munthu kukomoka kapena kufa. Nthawi zina gwero ndi nkhawa, ngongole, mowa, kapena mankhwala ena amene munthu akumwa kale, amene dokotala akhoza kusintha.

Kwa agogo athu aamuna, nkhani ndi ya prostate, kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Mwamuna akamakalamba kachiwaloka kamakula, mkodzo n'kuyamba kutuluka mofooka, kudukizadukiza, munthu n'kumadzuka kangapo usiku, mpaka tsiku lina mkodzo kutsekeka n'kufunika kuikidwa kapaipi. Kawirikawiri kukulaku si khansa, koma khansa ya prostate iliponso, ndipo imagwira amuna achikuda kwambiri kuposa mitundu ina. Apa ndi pamene pali kuyeza kumene amuna amadana nako koposa, kolowetsa chala chovala golovesi kotulukira chimbudzi. Inde, n'kosasangalatsa. Koma kumatha mphindi imodzi isanakwane, ndipo chala chimamva ngati kachiwaloka kali kosalala kapena kolimba ndi kokhala ndi timabampu. Ena amati bwanji osangoyeza magazi a PSA basi. Kuyeza magaziko n'kothandiza, koma PSA imakweranso pa kukula wamba ndi pa matenda a m'njira ya mkodzo, choncho nambala yokhayo ikhoza kuopseza munthu pachabe. Dokotala amaiwerenga pamodzi ndi zimene wamva kwa inu ndi zimene chala chapeza.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse si manyazi, koma mmene zipatala zathu zilili, ndipo chiyenera kuyankhidwa moona. Bambo anganene kuti: mukundiuza ndivule, koma chipinda chake chitseko sichitsekeka, katani ndi yong'ambika, odwala ena akumvetsera pawindo, ndipo wondiyezayo ndi namwino wa msinkhu wa mwana wanga amene timapemphera mpingo umodzi. Madokotala a ukadaulo wa ziwalo zimenezi ndi owerengeka, ndipo amapezeka kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, kutali ndi munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje. Kuyeza umuna sikuchitika pachipatala chilichonse. Zonsezi n'zoona. Koma zambiri zimene ndafotokoza lero, kuona, kugwira, kuunikira ndi tochi, kuyeza mkodzo, BP, shuga, chindoko ndi HIV, zimatheka pachipatala chaching'ono, ndipo ndi wachipatala wa pamenepo amene amalemba kalata yokutumizani patsogolo ngati pakufunika. Muli ndi ufulu wopempha kuti chitseko chitsekedwe, kupempha wachipatala wamwamuna ngati alipo, ndi kufunsa chimene akufuna kuchita asanakugwireni. Ngati alipo wamkazi yekha, kumbukirani kuti amayi athu akhala akuchira ndi kubereka m'manja mwa madokotala aamuna kwa zaka zambiri, ndipo palibe amene ankati asiye kupita kusikelo.

Mawu otsala apite kwa inu a zaumoyo. Mayi amakumana ndi chipatala kusikelo ya mimba, kusikelo ya ana ndi kolandirira njira zolera. Mwamuna alibe khomo lotere, kupatula la mdulidwe, limene linatsegulidwa pambuyo pa kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa, Kisumu ku Kenya ndi Rakai ku Uganda, amene anaonetsa kuti mdulidwe umachepetsa chiopsezo chotenga HIV kwa mwamuna ndi pafupifupi 60 peresenti. Choncho mwamuna akafika pamaso panu, mwina ndi ulendo wake wokhawo chaka chonse. Akati msana, funsaninso za mkodzo. Akati m'mimba, muuzeni amasule lamba. Mayi akabwera yekha kudzadandaula za kusowa mwana, musayambe kumulembera mankhwala. Mulembereni kakalata koitana mwamuna wake, ndipo mupatseni tsiku ndi nthawi imene bamboyo sadzaima pamzere wa amayi oyembekezera. Oyang'anira zipatala aone kuti chipinda choyezera chili ndi loko wogwira ntchito, magolovesi ndi tochi ya mabatire.